Kodi Chifuwa Chirichonse cha Mwana Chifunika Makapisozi?

Mwezi wa June ukafika, pamene mwera ndi chiperoni zayamba kuomba, mabenchi a pachipatala chaching'ono amadzaza ndi amayi obereka ana otsokomola. Ambiri a iwo amakhala atalaŵirira m'mamaŵa ndi kuyenda mtunda wautali, ndipo chimene amayembekeza kutuluka nacho m'chipinda cha adokotala ndicho makapisozi, botolo la mankhwala amadzi kapena jekeseni. Tsono mwana akapimidwa, mayi nauzidwa kuti ndi chimfine chabe, apite akamyamwitse ndi kumfunditsa bwino, mayiyo amabwerera ali wokhumudwa. Panjira amapatukira pagolosale kukagula amoxicillin kapena Bactrim wa masiku aŵiri, poganiza kuti kuchipatala am'mana mankhwala.

Tsiku lomwelo, m'mudzi womwewo, mumakhala mwana wina amene chifuwa chake sichimveka kwambiri, koma akupuma mwabefu ndipo wayamba kukana bere. Makolo ake amati ndi kachifuwa ka chisanu, nadikira kuti aone m'mene kuchere. Mwana ameneyu ndiye ali pangozi. Woyamba uja wamwetsedwa mankhwala amene sanali kuwafuna, pamene wachiŵiriyu akusoŵa mankhwala amene akanampulumutsa. Kusiyanitsa ana aŵiriŵa sikufuna makina ayi, ndipo mayi aliyense angathe kuphunzira.

Tizilombo ta mitundu iŵiri

Matenda ambiri opatsirana a ana amadza ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo mitundu yake yaikulu ndi iŵiri: mabakiteriya ndi mavairasi. Mabakiteriya ndi tamoyo todziimira patokha, timene timadya, kukula ndi kuswana m'thupi la munthu. Ambiri mwa iwo ali ndi kakhungu kolimba kowakuta, ndipo mankhwala monga penicillin ndi amoxicillin amaononga kakhungu kameneka kotero kuti kachilomboko kamaphulika n'kufa. Mankhwala olimbana ndi mabakiteriya ndiwo amatchedwa maantibayotiki. Penicillin anapezedwa ndi Alexander Fleming mu mzinda wa London m'chaka cha 1928, ndipo anayamba kufika kwa odwala ambiri m'zaka za m'ma 1940.

Mavairasi ndi osiyana kotheratu. Iwo ndi aang'ono koposa, alibe kakhungu kotero, ndipo amaswana atabisala m'kati mwa timaselo ta munthu mwini. Antibayotiki akaloŵa m'thupi sapeza pogwira. Chimfine, chikuku, katsabola, chifuwa wamba ndiponso kutsekula m'mimba kwa ana ambiri zimadza ndi mavairasi, ndipo thupi la mwana wodya bwino limawagonjetsa lokha. Mwana wamng'ono angadwale chimfine kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi katatu pachaka popanda chodabwitsa, ndipo kutsokomola kungapitirire mpaka milungu iŵiri mwana atachira kale. Mamina akasanduka achikasu kapena obiriŵira, sikuti mabakiteriya aloŵerera. Ndi m'mene chimfine chimathera.

Apa ndipo pamene anthu ambiri amanyengeka. Mwana wachimfine akamwetsedwa makapisozi pa tsiku lachitatu, nachira pa tsiku lachisanu, aliyense amayamika makapisozi, chonsecho mwanayo akanachira tsiku lomwelo ngakhale popanda iwo. N'chimodzimodzi ndi aja amasungunula makapisozi a anthu m'madzi a nkhuku pa nthaŵi ya chitopa. Chitopa nachonso ndi vairasi, ndipo chimene chimachiletsa ndi katemera.

Mwana wachimfine afunika kuyamwa kaŵirikaŵiri, kumwa madzi ndi phala, kupukutidwa m'mphuno kuti apume bwino, ndiponso kutalikirana ndi utsi wa m'khitchini ndi wa fodya. Amene wapitirira chaka chimodzi angapatsidwe uchi pang'ono m'madzi ofunda kuti pakhosi pafeŵe, koma khanda losakwana chaka lisapatsidwe uchi. Thupi likatentha, Panado wa muyeso wa ana amathandiza. Aspirin si wa ana.

Kuŵerenga mpweya

Chibayo ndi nthenda ya m'mapapo. Timatumba ta mpweya ta m'mapapo timadzaza ndi madzi ndi mafinya, motero mwana amapuma mofulumira pofuna kupeza mpweya wom'kwanira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linaŵerengera kuti m'chaka cha 2019 chibayo chinapha ana osakwana zaka zisanu oposa 700,000 pa dziko lapansi. Chibayo choopsa kaŵirikaŵiri chimadza ndi mabakiteriya, makamaka otchedwa pneumococcus, ndipo nthaŵi zambiri chimatsatira chimfine kapena chikuku. Chimenechi ndicho chifuwa chofuna antibayotiki, ndipo chimam'funa msanga, pakuti mwana amene anali kuseŵera Lolemba angakhale ali kayakaya pofika Lachitatu.

Chizindikiro chake chodalirika si kukula kwa chifuwa kapena kutentha kwa thupi ayi, koma liŵiro la kupuma. Mayi adikire kufikira mwana atakhala chete kapena atagona tulo, chifukwa mwana wolira kapena woyamwa sapereka chiŵerengero choona. Kenaka am'vundukule malaya, ayang'ane pamimba, ndipo aŵerenge kwa mphindi imodzi yathunthu, ndiye kuti masekondi 60, poyang'ana wotchi kapena foni. Mimba ikakwera ndi kutsika, kumeneko ndiko kupuma kumodzi. Ngati mwana wagwedezeka kapena mayi wasokonezeka, ayambirenso. Ndi bwino kuti munthu wina agwire wotchi pamene mayi akuŵerenga.

Khanda losakwana miyezi iŵiri likupuma mofulumira ngati lafika pa 60 kapena kuposa. Kwa mwana wa miyezi iŵiri kufikira miyezi 11, malire ake ndi 50. Kwa mwana wa chaka chimodzi kufikira zaka zisanu, malire ake ndi 40. Mwana wotsokomola amene wafika pa malire ameneŵa ayenera kuonedwa ndi a zaumoyo tsiku lomwelo. Alangizi a zaumoyo amene ali ndi kachipatala ka m'mudzi anaphunzitsidwa kuŵerenga kotereku, ndipo amachita zomwezi asanapereke amoxicillin. Mlangizi akaŵerenga n'kupeza 32 mwa mwana wa zaka ziŵiri, nanena kuti mankhwala safunika, sanam'mane kanthu mwanayo. Wam'pima, ndipo wapeza kuti mapapo ali bwino.

Kupuma mofulumira kungadzenso chifukwa cha malungo, kuchepa kwa magazi kapena mphumu. N'chifukwa chake mayi akapeza chiŵerengero chokwera sayenera kuthamangira kugolosale, koma kwa munthu amene angayeze magazi ndi kumvetsera m'chifuwa.

Pali chizindikiro china choposa apa. Mwana wabwinobwino akamakoka mpweya, chifuwa chonse ndi mimba zimatukuka. Mwana amene mapapo ake alimba ndi chibayo, m'munsi mwa nthiti mumaloŵa m'kati pamene akukoka mpweya, ndipo zimatero pa kupuma kulikonse, ngakhale ali chete. Ameneyu ndi wa kuchipatala, osati wa kachipatala ka m'mudzi. Ndipo ngati mwana akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza chirichonse, wakomoka, wafooka kotero kuti sadzuka pom'gwedeza, akulira m'khosi pokoka mpweya, kapena milomo yake yayamba kuda, ulendo uyambike nthaŵi yomweyo, kaya ndi usiku. Mwana wotere amafuna mankhwala obaya, ndipo mwina mpweya wa okosijeni, zimene sizipezeka m'mudzi. Kutema mphini pachifuwa kumangochedwetsa ulendo ndi kutsekulira tizilombo tina khomo.

Za makanda osakwana miyezi iŵiri n'zofunika kuzinena pazokha. Khanda silionetsa matenda monga mwana wamkulu. Lingangosiya kuyamwa, kutentha kapena kuzizira thupi, kugona mopitirira, kapena kufiira pamchombo ndi kutuluka mafinya. Tizilombo tikaloŵa m'magazi a khanda timafalikira m'maola ochepa. Palibe mankhwala a m'sitolo oyenera khanda lotere. Malo ake ndi kuchipatala, litafunditsidwa pachifuwa cha mayi wake, likuyamwitsidwa panjira ngati lingathe.

Kamwetsedwe kake

Mwana akapezeka ndi chibayo chosafika poopsa, mankhwala oyamba ndi amoxicillin, amene amamwedwa kaŵiri patsiku, m'maŵa ndi madzulo, kaŵirikaŵiri kwa masiku asanu. Muyeso wake umatsata msinkhu ndi kulemera kwa mwana, motero muyeso wa mkulu wake si wa mng'ono wake, ndipo kapisozi wa munthu wamkulu wothiridwa pasupuni mongoyerekeza si muyeso konse. Masiku ano kuli mapiritsi a ana osungunuka, amene amaikidwa m'kapu kapena pasupuni ndi madzi aukhondo pang'ono kapena mkaka wa m'maŵere. Ubwino wake ndi wakuti safuna firiji. Mankhwala a m'botolo akasakanizidwa ndi madzi sakhalitsa, ndipo otsala ayenera kutayidwa m'chimbudzi, osati kusungidwa padenga kudikira chifuwa cha mwezi wamaŵa.

Mayi asachoke pazenera la mankhwala asanamvetse zinthu zitatu: angati, kangati patsiku, kwa masiku angati. Kufunsa kaŵiri si kupanda ulemu. Mwana akasanza atangomwa kumene, adikiridwe pang'ono ndi kupatsidwanso.

Vuto lalikulu limadza pa tsiku lachitatu. Thupi lazizira, mwana wayamba kudya ndi kuseŵera, ndipo mayi amaona ngati n'kuononga kum'mwetsabe. Mwina mwana wa mnansi wayambanso kutsokomola, ndipo mwa chifundo mapiritsi otsala amagaŵidwa. Koma kuzizira kwa thupi kumangosonyeza kuti tizilombo tachepa, osati kuti tatha. Mlimi amene wapalira theka la munda n'kupachika khasu amadziŵa chimene adzapeza pakapita milungu iŵiri. Chibayo chobwereranso chimapeza mwana atafooka kale, ndipo wa mnansi uja walandira mankhwala osakwanira pa nthenda imene palibe waipima.

Ngati papita masiku aŵiri kapena atatu mwana akupumabe mofulumira, kapena matenda akukula, abwerere naye kuchipatala osadikira kuti mapiritsi athe. Chifuwa chopitirira milungu iŵiri, makamaka mwana akamaonda kapena ngati pakhomo pali wamkulu wotsokomola, chifunika kuyezedwa ngati chiri chifuwa chachikulu cha TB, chimene sichimva amoxicillin ndipo chiri ndi mankhwala akeake a miyezi ingapo.

Ana ena amatsekula m'mimba pang'ono akamamwa amoxicillin. Zimenezi siziletsa kupitiriza. Koma mwana akatuluka zidzolo zoyabwa thupi lonse, akatupa nkhope kapena milomo, kapena akabanika atamwa mankhwala, asiyitsidwe ndi kupita naye kuchipatala msanga. Dzina la mankhwalawo lilembedwe m'buku lake la kuchipatala kuti asadzapatsidwenso.

Matenda ena a masiku onse

Pa kutsekula m'mimba ndi pamene makapisozi amaonongeka kwambiri. Chimene chimapha mwana wotsekula ndi kutha kwa madzi m'thupi: maso amaloŵa, liwombo limatsika, khungu likatsinidwa silibwerera msanga. Mankhwala ake ndi madzi a Thanzi ORS, operekedwa pang'onopang'ono nthaŵi iriyonse mwana akachita chimbudzi, pamodzi ndi mapiritsi a zinc kwa masiku 10 kufikira 14, ndiponso kupitiriza bere ndi chakudya. Antibayotiki amafunika pokhapokha m'chimbudzi mukaoneka magazi, ndiye kamwazi, kapena pa kolera wamphamvu, ndipo mtundu wake amasankha ndi a chipatala. Flagyl wogula pamsika sabwezera madzi m'thupi. Makapisozi a tetracycline nawo amathimbiriritsa mano a ana osakwana zaka zisanu ndi zitatu kwa moyo wawo wonse.

Kutentha thupi kwa mwana m'Malaŵi muno kuyenera kuganiziridwa malungo poyamba, ndipo magazi a pachala amayankha m'mphindi zosaposa 20. Malungo akapezeka, mankhwala ake ndi LA, pakuti amoxicillin sapha kachilombo ka malungo. Akapanda kupezeka, sikuti basi mwana apatsidwe antibayotiki m'malo mwake. Adokotala amayang'ana m'khutu, pakhosi, pakhungu ndi kapumidwe, ndipo nthaŵi zambiri amapeza kuti ndi vairasi yodzatha yokha. Koma kutentha thupi kodza ndi kuuma khosi, kutupa liwombo kapena kukomoka kungakhale nthenda youmitsa khosi, imene imapha kapena kugonthetsa mwana ikachedwerwa.

Khutu loŵaŵa kapena lotuluka mafinya kwa masiku ochepa limathandizidwa ndi amoxicillin. Likakhala likutuluka mafinya kwa milungu iŵiri kapena kuposa, mapiritsi sathandiza kwenikweni. Chofunika ndi kuliumitsa katatu patsiku ndi kansalu koyera kopota, ndi kudontheza mankhwala a m'khutu ochokera kuchipatala. Mafuta, madzi a masamba ndi nthenga za nkhuku zisaloŵe m'khutu. Kuseri kwa khutu kukatupa ndi kuŵaŵa, mwana apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Zilonda zapakhosi zambiri ndi za chimfine. Komabe mwana wa msinkhu wa sukulu amene watentha thupi, akumva kuŵaŵa pomeza, ali ndi mafinya oyera kummero ndi mwanabere m'khosi, koma sakutsokomola, angakhale ndi bakiteriya wotchedwa streptococcus. Ameneyu akalekereredwa angathe kudzatupitsa mfundo za mafupa ndi kuononga mtima patapita nthaŵi. Apa penicillin ndi wofunikadi, kaya wa jekeseni imodzi kapena wakumwa kwa masiku 10 osadumphitsa.

Pali ana ena amene amamwa Bactrim tsiku ndi tsiku ngakhale sakudwala: ana amene ali ndi kachilombo ka HIV, ndi makanda obadwa kwa amayi amene ali nako. Ameneŵa ndi mankhwala oteteza, olembedwa ndi a chipatala, ndipo asasiyidwe kufikira a chipatala omwewo atanena. Si ogaŵira ena pakhomo.

Mankhwala akaleka kugwira ntchito

Akuluakulu akukumbukira chloroquine. Kwa zaka zambiri anali mankhwala a malungo a pakhomo lirilonse, kufikira tizilombo tinam'zoloŵera, ndipo m'chaka cha 1993 dziko la Malaŵi linam'siya ndi kuyamba Fansidar. Fansidar nayenso anafooka, ndipo mu 2007 m'malo mwake munaloŵa LA. Zimene zinachitikira mankhwala a malungo zikuchitikiranso maantibayotiki.

M'matumbo, pakhungu ndi m'mphuno mwa munthu aliyense mumakhala mabakiteriya osaŵerengeka, ambiri a iwo othandiza. Nthaŵi iriyonse mwana akamwa antibayotiki, ofooka amafa, ndipo ochepa amene ali ndi mphamvu yopirira amatsala ndi malo onse, naswana. Kuchokera m'chimbudzi amafika m'manja, m'madzi ndi m'chakudya cha ena. Si thupi la mwana limene limazoloŵera mankhwala, monga ambiri amanenera, koma tizilombo; n'chifukwa chake ngakhale khanda limene silinamwepo mankhwala lingagwidwe ndi kachilombo kosamva mankhwala. Mwana wachibayo akamwa amoxicillin, phindu limaposa ngozi imeneyi kutalitali. Mwana wachimfine akamwa, watenga ngozi yokhayokha. Fleming mwini anachenjeza m'chaka cha 1945, polandira mphotho ya Nobel, kuti penicillin womwedwa mopereŵera adzaphunzitsa tizilombo kupirira.

Zimenezi zaoneka kale kuno. Ofufuza a pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre anasanthula tizilombo topezeka m'magazi a odwala kuyambira 1998 kufikira 2016. Pa tizilombo ta mtundu wa Klebsiella, timene timavutitsa kwambiri makanda, pafupifupi kamodzi pa khumi kanali kosamva mankhwala amphamvu a gulu la ceftriaxone m'chaka cha 2003. Pofika 2016 tinali tisanu ndi tinayi pa khumi. Mu mzinda womwewo, kuyambira cha m'ma 2011, munabuka typhoid yosamva mankhwala atatu akale: ampicillin, chloramphenicol ndi Bactrim. Mankhwala otsala oti n'kugonjetsa tizilombo totere ndi okwera mtengo, ambiri ndi obaya, ndipo sapezeka pachipatala chaching'ono. Wovutika kwambiri ndi mwana wakumudzi.

Katemera

Chibayo chimene mwana sanadwale sichifuna mankhwala. Katemera wa pa milungu 6, 10 ndi 14 amateteza ku chifuwa chokoka mtima ndi ku bakiteriya wa Hib, amene anaphatikizidwa pa katemera wa ana m'Malaŵi mu 2002. Katemera wa pneumococcus anayamba mu 2011, wa rotavirus woteteza kutsekula m'mimba mu 2012, ndipo wa typhoid mu 2023. Wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 9 ndi kubwerezedwa pa miyezi 15, ndipo wachiŵiriyu ndi amene amaiŵalika kaŵirikaŵiri, poti mwana akayamba kuyenda ulendo wa kusikelo umazirala. Kuyamwitsa bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, kusamba m'manja ndi sopo, ndi kuphikira pamalo popita mphepo mwana asali kumsana, zonsezi zimachepetsa chibayo ndi kutsekula m'mimba.

Popita ndi mwana wodwala kuchipatala, mayi atenge buku la mwana, ndiponso kapepala kapena botolo la mankhwala alionse amene wam'mwetsa kale kunyumba, kaya ogula, opatsidwa ndi mnansi kapena azitsamba. Ambiri amabisa poopa kukalipiridwa, koma adokotala akadziŵa kuti mwana wamwa kale amoxicillin masiku aŵiri osasintha, amasankha mankhwala ena m'malo mobwereza omwewo. Ngati mayi anaŵerenga mpweya kunyumba, anene chiŵerengerocho ndi nthaŵi imene anaŵerenga, kuti chiyerekezedwe ndi chimene chipezeke pachipatala.